Triceratops wa mu gemu alibe mlandu, mlandu uli pa batani logulitsira mafupa

Anthu akayamba kukangana za Triceratops wa mu Jurassic World Evolution, mkangano wake umakhala wa maonekedwe basi. Wina akuti khungu lake silinali lotero, wina akuti miyendo yakutsogolo aiimika molakwika, wina wakwiya ndi mtundu, kuti ndani anawauza kuti chinyamachi chinali chotuwa. Ine mikangano imeneyi imandisangalatsa kuwerenga koma sindiona kuti ndi pamene pali nkhani. Bodza lalikulu la gemuyi silili pa nyama imene ikuyenda mu mpanda ija ayi. Lili pa sikirini ina imene anthu amadutsapo mothamanga, pamene mafupa ofukulidwa amafikira, pomwe gemu imakufunsa kuti fupali tichotsemo DNA kapena tiligulitse.

Kwa amene simunaigwirepo, gemuyi inapangidwa ndi kampani ya Frontier Developments ya ku Cambridge ku England, inatuluka mu June 2018, ndipo ntchito yako ndi kumanga paki ya ma dinosaur pa zilumba zongopeka. Triceratops ndi mmodzi mwa nyama zimene umakumana nazo koyambirira pa chilumba cha Isla Matanceros, nthawi imene ndalama zili zochepa ndipo fensi iliyonse ukuiwerengera. Umatumiza timu kukafukula, helikoputa inyamuka, pakapita mphindi zingapo yabwera ndi mafupa. Ukadina kuti achotsemo DNA, kamzere kamayamba kudzaza, peresenti ikukwera, ndipo ikafika 50 ukhoza kuyamba kuswetsa mu Hammond Creation Lab, nyumba yopangiramo nyamazi. Chitseko chija chikatseguka, chinyama chotulukamo mwapang'onopang'ono, kupukusa mutu, kufwenthera, nyanga ziwiri zazitali pamwamba pa maso ndi kena kakafupi pamphuno, kunena zoona kamphindi kameneko anakapanga bwino ndipo sikatopetsa. Kenako udzimva kuti udzu wachepa, mitengo yachepa, anzake achuluka kapena achepa, ndipo ukachedwa chimayamba kugunda fensi mpaka kuboola, alendo n'kumathawa balalabalala iwe ukufunafuna helikoputa yokachibaya jakisoni wogonetsa.

Nanga fupa lija lapita kuti? Latha. Lasanduka peresenti. Ndipo ngati DNA ya nyamayo yadzaza kale, kapena ngati akaunti yafiira, umangoligulitsa limodzi ndi golide ndi siliva amene timu imatolanso kumeneko, ndalama n'kulowa, n'kukamanga shopu ya zidole. Gemu siifunsa kuti fupalo linali pakuya bwanji, linagona chotani, pambali pake panali chiyani.

Tsono za maonekedwe zija ndithane nazo mwachangu. Triceratops wa mu gemu si wa ku Montana wa zaka 66 miliyoni zapitazo, ndi wa mu mafilimu a Jurassic Park ndi Jurassic World, ndipo nkhani yake yomwe imavomereza yokha kuti pamene DNA inaperewera anaphatikizapo ya nyama zina za masiku ano. Ndiye kumuimba mlandu woti safanana ndi weniweni ndi kutaya nthawi. Nazonso za DNA yochokera mu mafupa a dinosaur aliyense amadziwa kuti ndi nthano. Kafukufuku wa mu 2012 pa mafupa a mbalame ya moa ya ku New Zealand anapeza kuti theka la DNA linkawonongeka pa zaka pafupifupi 521 zilizonse, ndipo DNA yakale kwambiri imene akatswiri anatha kuiwerenga, imene analengeza mu 2022 kuchokera mu nthaka ya kumpoto kwa Greenland, ndi ya zaka pafupifupi 2 miliyoni. Kuchoka pa 2 kukafika pa 66 ndi mtunda wautali zedi. Bodza limeneli ndi loonekera, mwana aliyense akakula amaliseka. Bodza loti ntchito ya fupa imathera pa kulikama kenako kuligulitsa ndi limene limalowa mwakachetechete, chifukwa limafanana ndi zimene zikuchitikadi kunjaku.

Kuti mumvetse zimene ndikunena, taonani mmene tinadziwira zimene timadziwa za nyamayi. Mu 1887 pafupi ndi Denver ku Colorado panapezeka nyanga ziwiri zikuluzikulu zolumikizana ndi kachidutswa ka chigaza. Anazitumiza kwa Othniel Charles Marsh wa ku yunivesite ya Yale, katswiri wotchuka wa nthawi imeneyo, ndipo mkuluyu anati iyi ndi njati yakale, mpaka kuipatsa dzina loti Bison alticornis. Anaphonya osati chifukwa chopusa, koma mwa zina chifukwa ankaganiza kuti miyala imene nyangazo zinachokera inali ya posachedwa kwambiri kuposa mmene inalili. Mwaona? Nkhani ya nyamayi inayamba ndi munthu amene anali ndi fupa m'manja koma osadziwa bwino zaka za nthaka yake. Zinatengera John Bell Hatcher kukafukula zigaza ku Wyoming kuti Marsh aone kuti ichi ndi china, ndipo mu 1889 dzina loti Triceratops linabadwa.

Pambuyo pake kunabwera chisokonezo china. Chigaza chilichonse chikasiyana pang'ono ndi chinzake, nyanga yapindika mwina, mphuno yatalika, ankati uwu ndi mtundu watsopano, mpaka mitundu ya Triceratops inapitirira khumi pa mapepala. Mu 1996 Catherine Forster anaunikanso zigazazo n'kusiya iwiri yokha, horridus ndi prorsus. Koma funso linatsala, iwiriyi inali yaimuna ndi yaikazi, kapena inkakhala limodzi ngati mitundu iwiri, kapena chiyani? Yankho silinachokere mu fupa lokongola kwambiri kapena lalikulu kwambiri. Linachokera pa tepi yoyezera. Kuyambira mu 1999 timu ya Museum of the Rockies ya ku Bozeman inakhala zaka zambiri ku matanthwe a Hell Creek ku Montana, ndipo chigaza chilichonse chimene ankapeza ankalemba kuti chili pa msinkhu uti wa miyala, chapansi, chapakati kapena chapamwamba. Mu 2014 John Scannella ndi anzake atasanja zigaza zoposa 50 motsatira msinkhu umenewo, chithunzi chinangotulukira chokha, horridus ali pansi, prorsus ali pamwamba, ndipo pakati pali zigaza zimene zili ndi zina za uyu zina za uyo. Nyanga ya pamphuno inkatalika pang'onopang'ono, mlomo ukufupika, pa nthawi ya zaka miliyoni imodzi kapena ziwiri. Ndiye kuti ukukwera phiri lomwelo ukuona nyama ikusintha.

Taganizani tsopano kuti zigaza 50 zija zikanakhala kuti zinazulidwa n'kuponyedwa mu lole popanda wolemba kuti zachoka pati. Bwenzi tili ndi zigaza 50 zokongola ndipo sitikudziwa kanthu. Fupa ndi mboni, ndipo theka la umboni wake silili mu fupamo, lili mu dothi lolizungulira ndi mu kope la amene analifukula. Ichi ndi chinthu chimene gemu yonena za kufukula mafupa imayenera kuchikhudzako ngakhale pang'ono, koma ayi ndithu.

Pali chinanso chimene chigaza chimodzi sichingakuuze, ndi mmene nyamayi inkakulira. Jack Horner ndi Mark Goodwin mu 2006 anandandalika zigaza kuyambira cha kamwana mpaka cha chimkulu, ndipo zimene anaona n'zodabwitsa. Kamwana kali ndi tinyanga tatifupi ngati tiziphuphu, wachinyamata nyanga zake zimapindikira kumbuyo, akamakula zimawongoka kenako n'kuloza kutsogolo. Tifupa ta m'mphepete mwa chishango chija cha kumbuyo kwa mutu timayamba tili tosongoka, kenako timaphwatalala n'kumamatira mpaka osaonekanso bwino. Munthu atakupatsa chigaza cha wachinyamata ndi cha wamkulu popanda zapakati, ukhoza kulumbira kuti ndi nyama ziwiri zosiyana. Apa ndiye chigaza chimodzi sichisenzadi denga.

Ndipo apa ndi pamene panabukira mkangano umene ine ndimaukonda kwambiri, wa Torosaurus. Nyama imeneyi inkakhala malo omwewo, nthawi yomweyo, ili ndi nyanga zitatu zomwezo, koma chishango chake n'chachitali kwambiri ndipo chili ndi mabowo awiri akuluakulu, pomwe cha Triceratops n'chachifupi chopanda mabowo. Mu 2010 Scannella ndi Horner anati anthuni, Torosaurus si nyama ina, ndi Triceratops wokalamba, chishango chimapyapyala mpaka kubooka akafika kumapeto kwa kukula. Manyuzipepala anathamangira kulemba kuti Triceratops kunalibe, zomwe zinali zabodza, chifukwa dzina la Triceratops ndi la 1889 pomwe la Torosaurus ndi la 1891, ndiye mwa malamulo a mayina lofafanizidwa likanakhala lachiwirilo. Mu 2012 Nicholas Longrich ndi Daniel Field anatsutsa, anati pali ma Torosaurus ena amene mafupa awo akuonetsa kuti anali asanakhwime, ndipo pali ma Triceratops amene anali okalamba kale koma chishango chili chosabooka. Mpaka lero akatswiri ambiri amaziona ngati nyama ziwiri, ena sanagonje. Gemu ilibe nthawi ya zimenezo, Torosaurus ali ndi mtengo wake, Triceratops ali ndi wake, basi. Pamenepo sindiidandaula, inayenera kusankha mbali imodzi. Chimene ndikufuna muone ndi mmene mkangano wotere umaweruzidwira. Amadula kachidutswa ka fupa, kukapala mpaka kupyapyala kuti kuwala kudutse, n'kuyang'ana pa maikulosikopu kuti aone ngati fupalo linali likukulabe kapena linali litasiya. Kenako katswiri wina wa ku dziko lina, amene sakugwirizana nawe, amayenera kubwera kudzagwira fupa lomwelo n'kuyezanso. Ndiye tandiuzani, munthu amene wagula chigaza ndi mamiliyoni n'kuchiika pabalaza, angalole kuti wina abwere ndi sowo?

Izi si nkhani zongoyerekeza. Mu October 2021 ku Paris, Triceratops wina wamkulu kwambiri amene anamupatsa dzina loti Big John anagulitsidwa pa okushoni pa mtengo wa mayuro 6.65 miliyoni. Anafukulidwa ku South Dakota kuyambira mu 2014, anakakonzedwa ku Trieste ku Italy, ndipo anagulidwa ndi munthu payekha. Chishango chake chili ndi bowo limene silinali lachibadwa, ndipo akatswiri a ku Italy amene anatha kutengapo kachidutswa analemba mu 2022 kuti m'mphepete mwa bowolo fupa linali litayamba kupola, kutanthauza kuti nyamayi inabayidwa ili moyo n'kukhalabe ndi moyo miyezi ingapo, ndipo kukula kwa bowolo kukufanana ndi nyanga ya Triceratops mnzake. Tangoganizani, bala la ndewu ya zaka 66 miliyoni zapitazo, ukhoza kulowetsamo dzanja. Zikugwirizananso ndi zimene Andrew Farke ndi anzake anapeza mu 2009, atayerekeza zipsera pa zigaza za Triceratops ndi za Centrosaurus, wachibale wake amene nyanga yake yaikulu ili pamphuno. Triceratops anali ndi zipsera zambiri m'mbali mwa chishango, pamalo enieni pamene nyanga ya mnzake ikanafika awiri akakolana mitu. Ndiye gemu ikamaonetsa awiri akugundana nyanga siikunama, koma tikudziwa kuti siikunama chifukwa panali zigaza zambiri zosungidwa malo amene munthu akhoza kupita kukaziwerenga.

Mwini wa Big John anachita bwino ndithu, anamubwereketsa ku myuziyamu ya ana ku Tampa ku Florida. Koma chobwereka ndi chobwereka, mwini akasintha maganizo, kapena akamwalira ana n'kufuna ndalama, chimapita. Ichi ndi chifukwa chake bungwe la akatswiri a mafupa akale la Society of Vertebrate Paleontology limalimbikira kuti mafupa ofunika azikhala m'manja mwa mabungwe osungira anthu onse mpaka kalekale, ndipo magazini ambiri a sayansi safuna kusindikiza kafukufuku wa fupa limene mawa likhoza kusowa. Mitengo nayo yapenga. T. rex wotchedwa Stan anapita pa madola 31.8 miliyoni mu 2020, Stegosaurus wotchedwa Apex anapita pa madola 44.6 miliyoni mu 2024. Myuziyamu yake iti ingapikisane pamenepo? Ndipo vuto silithera pa okushoni, limabwerera kumunda. Mwini famu ku Montana akamva mitengo imeneyi, pulofesa akabwera ndi ophunzira ake kudzapempha kuti afukule mwaulere, yankho mukulidziwa kale, ndipo simungamunene kuti ndi woipa mtima.

Ku America lamulo lake ndi loti fupa lopezeka pa malo a munthu ndi la mwini malo, akhoza kuligulitsa, kulisunga, ngakhale kuliphwanya. Pa malo a boma lalikulu ndiye pali lamulo la 2009 loti ufukule ndi chilolezo ndipo zofukulidwazo zikhale za anthu onse. Ukangowoloka malire kulowa ku Alberta ku Canada zinthu n'zosiyana, mafupa ofukulidwa pansi ndi a chigawocho, sungangowanyamula kukagulitsa kunja. Nyama zake n'zapachibale, miyala yake ndi ya nyengo zoyandikana, koma tsogolo la fupa limatengera mbali ya mzere imene nyamayo inafera.

Chitsanzo chimene chimandimaliza ndi cha mafupa amene anthu amawatcha Dueling Dinosaurs. Anapezeka ku Montana mu 2006, Triceratops ndi chilombo chodya nyama chaching'ono cha banja la T. rex, zitakwiririka pamodzi. Anayesa kuwagulitsa pa okushoni ku New York mu 2013 koma mtengo umene eni ake ankafuna sunafike. Kenako kunabwera milandu yoti kodi fupa ndi la mwini nthaka yapamwamba kapena la mwini miyala ya pansi, mpaka khoti lalikulu la Montana linagamula mu 2020 kuti mafupa sali m'gulu la miyala ya migodi. Zaka zonsezo mafupawo anali m'mabokosi, palibe amene akanalembapo kafukufuku womveka. Atagulidwa n'kupita ku North Carolina Museum of Natural Sciences ku Raleigh, pasanathe zaka zambiri, mu 2025, Lindsay Zanno ndi James Napoli anatulutsa zotsatira zoti chilombo chija si mwana wa T. rex koma ndi nyama yokhwima ya mtundu wina, Nanotyrannus, nkhani imene akatswiri anakhala akukokanakokana kwa zaka zambiri. Yankho linali mu bokosi nthawi yonseyo, likudikira kuti mlandu wa ndalama uthe.

Ndikudziwa zimene ena muyankhe, ndipo zina mwa izo n'zoona. Choyamba, fupa likangoonekera pamtunda, mvula, chisanu ndi dzuwa zimaliphwanya pa zaka zochepa, ndipo akatswiri a m'mayunivesite ndi ochepa, sangafike paliponse. Ofukula ogulitsa apulumutsa mafupa ambiri amene akanasanduka fumbi, ndipo ena mwa iwo amagwira ntchito yaukhondo, amalemba, amajambula mapu. Triceratops wotchedwa Horridus amene ali ku Melbourne Museum ku Australia, mmodzi mwa athunthu kwambiri amene anapezekapo, wa mafupa oposa 260, anachokera pa malo a munthu ku Montana ndipo myuziyamuyo inachita kumugula. Naye Hatcher uja ankalipidwa kuti afukule. Ndiye sindikunena kuti ndalama ikangokhudza fupa ndiye tchimo. Ndikunena kuti pali kusiyana pakati pa fupa logulitsidwa limodzi ndi mapu ake kupita kumene aliyense angalione, ndi fupa logulitsidwa ngati chokongoletsera nyumba, ndipo gemu imadziwa mtundu wachiwiri wokhawo.

Chachiwiri, muti aaa ndi gemu chabe iyi, ndiponso nkhani yake yonse ndi yodzudzula dyera, simukumva mawu a Jeff Goldblum, wosewera wa mu mafilimu aja amene amalankhulanso mu gemumu, akukunyogodola nthawi zonse kuti zimene ukuchitazi zikuthera poipa? Ndamva. Koma gemu siiphunzitsa ndi zimene ikunena, imaphunzitsa ndi zimene imakulanga nazo. Ukapanikiza nyama mu mpanda waung'ono, fensi imagwa. Ukaika chodya nyama pamodzi ndi tinyama topanda chitetezo, umataya ndalama. Ukakondera nthambi imodzi mwa zitatu za pakiyo, ya sayansi, ya zosangalatsa ndi ya chitetezo, zinazo zimakuchita chipongwe, magetsi kuzima dala, mageti kutseguka. Mphepo yamkuntho nayo imabwera kudzakukumbutsa kuti sunamange zoteteza. Chilichonse chili ndi chilango chake kupatula kugulitsa fupa. Pamenepo palibe amene amakwiya, ngakhale a nthambi ya sayansi omwewo ali phee. Ndiye wosewera amatuluka atadziwa bwino kuti kusunga nyama molakwika kuli ndi zotsatira, koma kutaya umboni kulibe.

Ndipo n'zomvetsa chisoni chifukwa zinthu zambiri zimene gemu imaika ngati manambala otsimikizika ndi zimene mafupa osungidwa bwino okha angayankhe. Tengani nkhani ya gulu. Mu gemu muli kamzere kosonyeza kuti nyama ikufuna anzake angati. Zoona zake n'zoti Triceratops, ngakhale ndi mmodzi mwa ma dinosaur opezeka kwambiri ku Hell Creek, nthawi zambiri amapezeka yekhayekha, mosiyana ndi Centrosaurus wa ku Alberta amene mafupa ake amapezeka ataunjikana mazanamazana malo amodzi. Mu 2009 kunalembedwa za malo ena ku Montana amene anali ndi achinyamata atatu pamodzi, ndipo timu ya myuziyamu ya Naturalis ya ku Leiden inafukula osachepera asanu malo amodzi ku Wyoming kuyambira mu 2013. Koma kuti unene kuti asanuwa anafera limodzi ngati gulu, osati kuti mtsinje unangowakokolola nthawi zosiyana n'kuwaunjika, uyenera kukhala ndi mapu a fupa lililonse, mbali imene laloza, mtundu wa matope amene lagonamo. Ukagawa mafupawo kwa ogula asanu, gulu lija lathera pomwepo.

Chimodzimodzi za udzu. Gemu yoyamba inkayeza chisangalalo cha nyama ndi kukula kwa bwalo la udzu, pomwe nthawi ya Triceratops madambo a udzu ngati amene tikuwadziwa lero kunalibe. Nyama ya mamita 8 kapena 9, yolemera matani angapo, inkadya zomera zapansi zolimba, ikubudula ndi mlomo wonga wa chinkhwe n'kudula ndi mano mazanamazana osanjikizana, akatha apamwamba apansi n'kukwera. Chimene chinkamera pamenepo timachidziwa kuchokera ku masamba ndi mungu zotsalira mu miyala yomweyo imene wofukula wothamangira ndalama amaikankhira kumbali ndi thalakitala. Nalonso khungu lija anthu amakanganirana, zimene tikudziwa zikuchokera kwambiri kwa Triceratops wotchedwa Lane amene ali ku Houston, amene anasiya chidindo cha mamba akuluakulu pa mwala. Chidindo chotero munthu wopupuluma amachipala n'kuchitaya poyesa kuti ndi dothi lomatirira pa fupa.

A Frontier si anthu osamva. Gemu yachiwiri ya mu November 2021 inasintha kadyedwe, nyama zodya zomera zinayamba kufuna zomera zakezake zimene umadzala wekha mu mpanda, ndipo pambuyo pake anabweretsa ma dinosaur a nthenga. Yachitatu ya mu October 2025 inabweretsa zazimuna, zazikazi ndi ana. Ndiye akamva anthu akudandaula amasintha, kungoti anthu amadandaula za nthenga ndi mitundu ya khungu, palibe amene amadandaula za fupa.

Ndipo kukonza kwake sikungaphe gemu, kukhoza kuikometsa. Timu ikafika pa malo ofukula, wosewera asankhe, kufukula mothamanga kotsika mtengo kapena kufukula mofatsa kolemba zonse. Wofatsayo apeze kuti chigaza chake chachoka pansi pa phiri ndiye atulutse horridus wa kanyanga kakafupi pamphuno, kapena chachoka pamwamba atulutse prorsus, pomwe wothamanga angopeza Triceratops wamba wosadziwika mbali. Mafupa otsala akhale ndi kosungira, ndipo ukasunga ambiri a mtundu umodzi zitseguke zinthu zimene sungazipeze mwanjira ina, kaya mmene ana ake amakulira, kaya matenda amene ankadwala, zimene zingakuthandize kuchiza nyama zako za mu paki. Batani logulitsa likhalepo ndithu, chifukwa nthawi zina akaunti imafiiradi ndipo yesero limenelo ndi lokoma kusewera, koma ukagulitsa, pakapita nthawi wasayansi wako abwere kudzafunsa chigaza chija kuti amalize kafukufuku, iwe n'kupeza kuti chili m'nyumba ya munthu wina wolemera amene sakuyankha foni. Kampani imene inatha kupanga kuti chinyama chilichonse chikhale ndi njala, ludzu, mantha ndi gawo lakelake la mpanda singalephere kuwonjezera kamzere kamodzi kolemba kuya kwa dzenje, ndipo ngati akufuna kukagulitsa padera ngati paketi yowonjezera monga amachitira ndi nyama zatsopano, ine ndigula.